Nkhwangwa yobwereka

Mwana wa mumpingo akasankhidwa kupita ku yunivesite, nkhaniyo sichedwa kufika kutsogolo. Mlembi amailengeza Sukulu ya Sabata ikangotha, mpingo umavomera ndi Ameni wamphamvu, ndipo potuluka amayi amaima pamzere kugwira chanza make mwanayo. Mlungu usanathe wina wabweretsa sutikesi, wina bulangete, wina kandalama koyendera. Zimenezi n'zabwino ndipo zisathe. Koma ndi liti pamene tinamvapo chilengezo chakuti mwana wa auje wapeza malo kukoleji ya ntchito zamanja, akukaphunzira kumanga nyumba kapena kuwotcherera zitsulo? Mwana woteroyo amanyamuka mwakachetechete. Ndalama zikamuthera pakati pa chaka amabweranso mwakachetechete, ndipo timangozindikira kuti sukulu yalephereka tikamuona ali pa kabaza pafupi ndi depoti, akulimbirana makasitomala ndi anzake.

Kuno ku Mchinji chete ameneyu ndi wodabwitsa, chifukwa tikayang'ana mbali iliyonse tikuona ntchito yofuna mmisiri. Pa Boma nyumba zikumera ngati bowa. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pakati pathu kulowera kuchipata cha Mwami, makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa Boma, ndipo chitsegulire maofesi atsopano a pachipatapo mu December 2022 mathiraki sasiya kudutsa usana ndi usiku. Njinga zamoto zachuluka mpaka ku Kamwendo, ku Kapiri ndi ku Mkanda, ndipo iliyonse tsiku lina imafuna makaniko. Amene wagulitsa bwino mtedza kapena soya amafuna malata padenga, chitseko chachitsulo, mwinanso sola. Boma lathu linali ndi anthu opitirira 600,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ochuluka mwa iwo ndi achinyamata. Ntchito ilipo, manja alipo. Chosowa ndi luso, ndi munthu woti amuperekeze mwanayo mpaka alipeze.

Makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba mu 2015, pamene mtsogoleri wa dziko lino Peter Mutharika anatsegula koleji ya Ngara ku Karonga. Cholinga chinali chakuti boma lililonse likhale ndi koleji yake, kuti mwana amene sanapeze malo ku Lilongwe Technical, ku Soche, ku Nasawa kapena ku Namitete asakhale manja lende. Yathu kuno ndi ya Kapondo. M'makoleji a mtundu umenewu amaphunzitsa ntchito monga kumanga, ukalipentala, kuwotcherera, utelala, zamagetsi, zamipope ndi kukonza njinga zamoto. Amene amayang'anira maphunzirowa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, ndipo gawo la ndalama zake limachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amapereka 1 peresenti ya malipiro onse a antchito awo. N'chifukwa chake fizi ya m'makoleji a boma amenewa si yoopsa tikaiyerekeza ndi ya ku yunivesite.

Ambiri timakodwa pomwepa. Tikamva kuti fizi ndi yochepa timaganiza kuti banja lililonse likhoza kudzionera lokha. Koma fizi ndi kachigawo chabe. Koleji ya Kapondo sili pa Boma, ndipo mwana wochokera kutali ayenera kupeza pogona. Akapeza kachipinda ka lendi afunika ufa, ndiwo, makala, sopo ndi mchere mwezi ndi mwezi. Afunika ovololo ndi nsapato zolimba asanalowe m'chipinda chogwirira ntchito. Kukubwera ndalama ya mayeso. Kenaka ikubwera nthawi ya atachimenti, pamene wophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito kwa mmisiri kapena ku kampani kwa miyezi ingapo, kawirikawiri kutali ndi kwawo, akudzidyetsa yekha. Chilichonse mwa zimenezi pachokha n'chaching'ono. Zikaunjikana pa mayi wamasiye amene chuma chake chonse ndi ekala imodzi ya mtedza, mwana amabwerera kunyumba. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zochokera kunja, monga nsapato, zitsulo ndi zida za ntchito, zinakwera mtengo nthawi yomweyo, pamene ndalama ya m'thumba la mlimi inatsala pomwe inali.

Thandizo la boma lilipo ndipo tisalinyoze. Chaka chomwecho cha 2015 kunakhazikitsidwanso bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, koma maso ake ali makamaka pa mayunivesite. TEVETA imapereka basale kwa ena ovutika, ndipo mwana aliyense woyenera alimbikitsidwe kufunsira. Komabe basale ikalipira fizi sipita naye mwana kuchigayo, ndipo mwini nyumba akabwera pa 30 safunsa za basale.

Mu 2 Mafumu 6 muli nkhani imene timakonda kuuza ana chifukwa cha chozizwitsa chake, koma ndi nkhani ya ophunzira osauka. Ana a aneneri anaona kuti malo amene ankakhala ndi Elisa awachepera, ndipo anapempha kupita ku Yordano kukadula mitengo kuti amange okha. Anali ophunzira a Mawu a Mulungu, koma nkhwangwa ankaidziwa. Mmodzi akudula, nkhwangwa inaguluka m'mpini n'kugwera m'madzi. Chimene chinamuliritsa mnyamatayo n'chakuti inali yobwereka. Analibe yake, ndipo analibe chogulira ina yoti akabweze. Elisa anafunsa pamene yagwera, anaponyapo kamtengo, chitsulo chinayandama, ndipo anamuuza mnyamatayo kuti atambasule dzanja atenge yekha.

M'nkhaniyi muli munthu mmodzi amene dzina lake silinalembedwe: mwini nkhwangwa. Masiku amenewo chitsulo chinali chuma. Munthu ameneyu anadziwa kuti akubwereka mwana wasukulu wopanda chikole, ndipo anaperekabe. Akanakana, mnyamata uja akanatsala pakhomo anzake akupita kumtsinje. Ambirife sitingayandamitse chitsulo, koma malo a munthu uja tikhoza kukhalapo.

Ndipo tikanena zoona, tinayamba takhalapo pamalo a mnyamatayo. Mwa ife amene lero timalandira malipiro pakutha pa mwezi, aphunzitsi, anamwino a pachipatala cha boma, alembi a pachipata, eni mashopu ndi zigayo, ndi angati amene anaphunzira ndi ndalama za bambo ndi mayi awo okha? Wina amalume ake anagulitsa mbuzi. Wina anasungidwa zaka zinayi ndi azakhali ku Lilongwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Wina aphunzitsi ake anamulipirira mayeso osauza munthu. Ena anapeza fizi pogulitsa mabuku a mpingo pa tchuthi monga akopotala. Tikabwerera m'mbuyo, Malamulo inayamba mu 1902 ndi zopereka za anthu amene sanaonepo Thyolo ndi maso, ndipo chipatala cha Mwami, chimene chili tsidya lina la malire athuwa, chinayamba mu 1927 mwa njira yomweyo. Mabanja angati a ku Mchinji anachiritsidwa kumeneko, ndi ana angati a mpingo anaphunzirako unamwino? Ambiri mwa amene anatithandiza anagona kale. Amalume aja sitingawabwezerenso mbuzi yawo. Ngongole imeneyi ilibe kwina kokabweza koma kwa mwana amene ali m'mbuyo mwathu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo amene anaika mwa ife sanaikire kuti zithere m'nyumba mwathu.

Mpingo wathu unaiyesa kale njira imeneyi. Koleji yathu yoyamba itatsegulidwa ku Battle Creek ku America mu 1874, ku ofesi ya Review and Herald kunaikidwa thumba lothandiza achinyamata ofuna kuphunzira koma opanda ndalama. Wophunzira ankatapamo, ndipo akayamba kulandira ankabwezamo kuti wina athandizike. Mayi Ellen White anaikumbutsa mipingo za thumba limeneli m'buku lachisanu ndi chimodzi la Testimonies, la mu 1900, ndipo analimbikitsa kuti mipingo izinyamula udindo wa ana ake osauka amene ali ndi mtima wophunzira. M'buku la Education la mu 1903 anaphunzitsa kuti wachinyamata aliyense azichoka pasukulu akudziwa ntchito ina ya manja yoti ingamudyetse. Choncho kunyoza ntchito zamanja sitinakutengere kumpingo. Tinakutengera kwina, kumene anatiuza kuti wophunzira ndi wovala tayi. Yesu ankadziwika kwawo monga mmisiri wa matabwa (Marko 6:3), Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila (Machitidwe 18:3), ndipo Eksodo 31 imanena kuti luso la Bezaleli pa zitsulo, miyala ndi mitengo linachokera kwa Mzimu wa Mulungu. Amayi athu a Dorika amatchedwa ndi dzina la telala.

Tsono thumba lotere lingayende bwanji pampingo wa pa Boma, kapena pa mipingo ingapo ya dera limodzi itagwirizana? Choyamba chimveke bwino: ndalama zake si chakhumi. Chakhumi n'chopatulika, chili ndi ntchito yake, ndipo chimapita ku Konferensi chonse. Thumba la ophunzira ndi chopereka chaufulu chapadera, chovomerezedwa ndi bodi ya mpingo, chokhala ndi mzere wake m'buku la msungichuma, ndipo wopereka aliyense alandire lisiti. Mabanja 50 atagwirizana kuti lililonse lizipereka K2,000 pamwezi, ndiye K100,000 mwezi uliwonse, K1,200,000 pachaka. Alipo amene angapereke kuposa apo osamva kuwawa. Aliponso ana a mpingo uno amene ali ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Joni, amene amatumiza ndalama tikamamanga tchalitchi kapena pakagwa maliro. Sitinawafunsepo za ophunzira.

Koma Mchinji ndi dziko la alimi, ndipo mlimi amapereka bwino ndi ndowa kusiyana ndi envelopu. Kuyambira April mpaka July, pamene chimanga, soya, nyemba ndi mtedza zili pakhomo, ndowa imodzi siipweteka banja. Ikafika January ndowa yomweyo ndi golide. Thumba likhale ndi nkhokwe yake, ndipo madikoni azilandira zokolola pa nthawi yokolola. Apa tinenepo mawu amodzi okhudza umoyo. Mtedza wopereka ukhale wouma bwino ndi wosankhidwa. Pali chizolowezi chogulitsa wabwino kwa mavenda n'kusunga wofota, wosweka ndi wachuku kuti ukhale wa nsinjiro kapena wopatsa ena. Mtedza ndi chimanga zachuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene sachoka ngakhale mukazinge kapena kuphika, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Malaki anadzudzula anthu obweretsa nyama zopunduka kuguwa. Mtedza wowola woperekedwa kwa mwana wasukulu suli kutali ndi zimenezo. Chimanganso chisungidwe mouma ndi motetezedwa kwa anankafumbwe, chifukwa n'zochititsa manyazi kusonkhetsa matumba asanu mu June n'kupeza fumbi mu November.

Takhalitsa pa chakudya chifukwa njala ndiyo imachotsa ophunzira ambiri osaoneka. Mnyamata wonyamula njerwa kapena wopala matabwa tsiku lonse sangakhalire tiyi wopanda mkaka ndi kachigumu kamodzi. Amayamba kujomba kuti akagwire ganyu, kenaka ganyuyo amasanduka ntchito, sukulu n'kutha. Wogwira makina ali ndi chizungulire cha njala ndiyenso amadula chala. Ana a aneneri aja nawonso inawapeza. Mu 2 Mafumu 4, njala itagwa ku Giligala, mmodzi anapita kuthengo kukafuna ndiwo, n'kubwera ndi zipatso zakutchire zimene sankazidziwa, ndipo mphika wonse unasanduka wakupha. Chimene Elisa anaitanitsa ndi ufa. Ophunzira athu sakusowa zambiri kuposa pamenepo: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba, soya, nsinjiro zothira m'masamba ndi m'phala la m'mawa. Zonsezi timalima tokha.

Povuta penipeni ndi posankha. Mathumba ambiri a m'mipingo safa chifukwa cha kusowa ndalama, amafa ndi manong'onong'o. Chaka choyamba wathandizidwa mwana wa mlongo wake wa mkulu wa mpingo, chaka chachiwiri mdzukulu wa msungichuma, chaka chachitatu ndowa zasiya kubwera ndipo palibe amene akunena chifukwa chake. Komiti ikhale yaing'ono, ndipo mukhale mayi wa Dorika, chifukwa amayiwa amadziwa nyumba imene moto sunayake dzulo, mukhale mmisiri, chifukwa amadziwa chida chofunika ndi chosafunika, mukhalenso wachinyamata. Wachibale wa wopempha azituluka panja nkhani ya mwanayo ikamakambidwa, ngakhale akhale mkulu woyamba. Komiti ipite kunyumba kwa mwanayo ikaone ndi maso, isamangodalira kalata yolembedwa mokoma. Fizi ndi ndalama ya mayeso zilipiridwe kukoleji mwachindunji, lendi kwa mwini nyumba, ndipo malisiti aziwerengedwa ku bodi kotala iliyonse. Si kuti tikuyesa anawo akuba. Mwana wa zaka 19 amene wagwira ndalama ya lendi m'manja, kunyumba mayi ake akudwala, timamuika pa mayesero amene ifenso sitikanawapambana.

Mpingo uli ndi ufulu wodziwa mmene ndalama zayendera, koma ulibe chifukwa choonera umphawi wa munthu. Tisamuimike mwana kutsogolo pa Sabata kuti athokoze ndi misozi, tikumujambula pafoni. Wothandizidwa mwa njira imeneyo amasenza manyazi zaka zambiri, ndipo ena amasiya kubwera kutchalitchi kumene chifukwa chotopa ndi maso a anthu amene anamugulira nsapato. Ngati pali choti tilengeze, tilengeze tsiku limene wapeza malo ndi tsiku limene walandira satifiketi, monga timachitira ndi a ku yunivesite.

Nanga mwana amene si wa mpingo wathu? Ena adzati thumba ndi laling'ono, tiyambe ndi a m'nyumba ya chikhulupiriro, ndipo ali ndi Agalatiya 6:10 kumbali yawo. Koma vesi lomwelo limayamba ndi anthu onse. Ife tikuona kuti pa ana atatu alionse, malo amodzi akhoza kusiyidwira mwana wa m'mudzi amene nyakwawa kapena aphunzitsi akumudziwa kuti ndi wakhama, kaya ndi wa Katolika, wa CCAP kapena Msilamu. Ndipo thandizolo lisakhale nyambo ya ubatizo. Wobatizidwa chifukwa cha fizi amatuluka fizi ikatha.

Tiwerengerenso mtengo tisanayambe, monga munthu womanga nsanja wa pa Luka 14:28. Chisangalalo cha chaka choyamba chimatikopa kutenga ana asanu, ndipo pofika teremu yachiwiri thumba lauma, onse asanu abwerera opanda pepala, ali ndi ngongole ya lendi pamwamba. Kuli bwino mwana mmodzi womufikitsa kumapeto. Tikamutenga, tilembe pansi zonse zimene adzafune mpaka tsiku la mayeso omaliza, tiwonjezepo kena poti mitengo siikhala malo amodzi, ndipo wachiwiri atengedwe pokhapokha woyambayo ali wotetezeka.

Za atsikana n'zofunika kuziganizira mwapadera. Mtsikana wokhala pa selofu, wopanda sopo, wopanda zofunika za pamwezi, amaonedwa msanga ndi amuna a ndalama, ndipo m'boma la m'malire ngati lathu amuna oterowo sasowa. Tikamva kuti wabwerako ali woyembekezera timafulumira kuitanitsa bodi kuti imuchotse m'buku, koma pamene ankagona ndi njala bodiyo sinakhale pansi. Kumene kuli koleji kawirikawiri kumakhala mpingo kapena kagulu kathu pafupi. Abusa a dera akhoza kulumikizana ndi anzawo kuti mtsikana asungidwe m'banja lodziwika, thumba n'kumapereka chakudya kubanjalo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo pamenepa mwambiwu umafuna mphasa ndi mbale, osati mawu okha. Tisawakankhirenso atsikana onse ku utelala ngati kuti ndiyo ntchito yokha yowayenera. Amene mutu wake umagwira masamu akhoza kuphunzira zamagetsi kapena zamipope, ndipo TEVETA yakhala ikulimbikitsa zimenezi.

Popeza magazini ino ndi ya zaumoyo, tisadumphe zodzitetezera. Wophunzira wosauka akafuna kusunga ndalama amayambira pamenepa. Tonse tawaonapo anyamata m'mbali mwa msewu akuwotcherera atavala magalasi adzuwa a pamsika, kapena atangotsinzina. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza khungu la diso, ndipo ululu wake umabwera patapita maola, usiku, ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Magalasi adzuwa sateteza, pamafunika chigoba chake chokhala ndi galasi lakuda lopangidwira ntchitoyo. Simenti yonyowa imadya khungu la m'manja ndi m'mapazi. Fumbi la matabwa ndi la simenti limalowa m'mapapo. Msomali wobaya phazi la munthu wovala patapata ukhoza kubweretsa kafumbata. Choncho nsapato zolimba, magolovesi, chotchinga pamphuno ndi chigoba cha kumaso zilembedwe pamndandanda womwewo umene pali fizi, ndipo zigulidwe mwana asananyamuke.

Atachimenti imabweretsa funso la Sabata. Pa malo ambiri omanga, Loweruka ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse, mwinanso ndilo lolandirira malipiro, ndipo wophunzira amene akufuna siginecha ya bwana pa buku lake alibe mphamvu zokanira. Kalata ya abusa imathandiza ikaperekedwa tsiku loyamba, mwanayo atadzipereka kugwira maola owonjezera masiku ena. Ikabwera mkangano utayamba kale siithandiza kwenikweni. Koma yankho labwino lili m'mabenchi athu omwe. Mumpingo muli amisiri omanga, akalipentala, amakaniko ndi matelala amene amatseka Lachisanu dzuwa lisanalowe. Mmisiri wotere akalandira wophunzira mmodzi pachaka, wapereka kuposa amene waponya ndalama m'mbale. Amene ntchito yake ndi yokhazikika akhoza kufunsa kukoleji kapena ku TEVETA zoyenera kuchita kuti azitumiziridwa ophunzira.

Pamenepa pali kachizolowezi kena koti tikatchule. Tikakhala ndi mmisiri mumpingo timamuyesa waulere. Denga la tchalitchi likadontha, mabenchi akathyoka, nyumba ya abusa ikafuna pulasitala, timati ndi ntchito ya Ambuye, ndipo mnyamata amagwira masiku asanu n'kulandira nsima ndi zikomo. Ntchito yolipira ikapezeka pakhomo pathu timaitana wakunja, ati wathuyu akadali mwana. Yeremiya 22:13 ali ndi mawu olimba kwa womanga nyumba ndi thukuta la mnzake osamulipira. Wofuna kudzipereka adzipereke mwa kufuna kwake, koma womaliza kumene maphunziro tizimupatsa ntchito ndi kumulipira pa mtengo wake. Mayunifolomu a kwaya ndi a Pathfinder, mawindo a kalasi ya ana, zitseko za zimbudzi za pamsonkhano wa misasa, zonsezi ndi ndalama zimene timatulutsa chaka ndi chaka.

Satifiketi yokha siipala thabwa. Womaliza ukalipentala wopanda sowo, puleni, hamala, sikweya ndi tchizulo amakhala waganyu wa mmisiri wina, ndipo womaliza utelala wopanda makina amangoyang'ana nsalu. Lamulo la pa Deuteronomo 15:13-14 linkaletsa kumasula kapolo chimanjamanja. Mbuye wake ankayenera kumupatsa za m'khola, za pa dwale ndi za mopondera mphesa kuti akayambire moyo. Ngati zinali choncho ndi kapolo, mwana wathu tisamusiye pa geti la koleji. Maganizo athu ndi akuti chakudya, lendi ndi fizi zikhale mphatso, koma zida zikhale ngongole yopanda chiwongoladzanja, yobweza pang'onopang'ono ntchito ikayamba kuyenda. Njira yokoma ndi yakuti wobwezayo agulire wophunzira wotsatira zida zofanana ndi zimene iye analandira, chifukwa ndalama imatha mphamvu koma hamala imakhalabe hamala. Amenewa ndi maganizo a thumba lija la ku Battle Creek, ndipo amamuchotsa munthu pa mzere wa olandira n'kumuika pa mzere wa opereka.

Alipo amene adzafunse kuti, nanga tikamuphunzitsa n'kuwolokera ku Chipata kapena kutsikira ku Joni ndi zida zathu? Ena adzapitadi. Ana athu akupita kale, ndipo ambiri amapita opanda luso lililonse, kukagwira ntchito zimene eni dziko amazikana. Wopita ndi ntchito m'manja amalemekezeka, amatumiza kwawo, ndipo akabwera amabwera ndi mpamba. Chipata ndi pakhomo pomwepa, anthu ake ndi abale athu, chinenero n'chimodzi. Enanso sadzabweza ngakhale ali pa Boma pomwe pano, ndipo adzayamba kutilambalala pamsika. Komiti iyembekezere zimenezi ndipo iwerengeretu, iwakumbutse mwaulemu, koma isasanduke katapila wolanda makina pakhomo pa munthu. Mwa akhate khumi aja anabwerera mmodzi, ndipo asanu ndi anayi enawo khate silinawabwerere.

Funso lolemera kuposa limenelo ndi la banja limene likuti, ifenso tili ndi ana athu pasukulu, feteleza wakwera, tithandize bwanji wa mnzathu? Limeneli ndi loona, ndipo palibe amene ayenera kukakamizidwa kapena kuchititsidwa manyazi. N'chifukwa chake tikunena za thumba la mpingo wonse osati za munthu mmodzi wolemera. Mutu umodzi susenza denga. Wopanda ndalama ali ndi ndowa ya chimanga, wopanda chimanga ali ndi chipinda, wopanda chipinda mwina ali ndi levulo ndi mpeni womangira za malemu bambo ake zimene zangokhala pansi pa bedi chimwalirire mwini wake. M'nyumba zathu muli makina osokera angapo amene asanduka poikapo maluwa.

Nthawi yoyambira ndi zokolola zisanalowe m'nyumba, kuti bodi ivomereze, komiti isankhidwe ndipo madikoni akonze posungira. Wina mmodzi apatsidwe ntchito yotchera khutu pamene TEVETA ndi makoleji alengeza zolemba ophunzira atsopano, pa wailesi, m'nyuzipepala kapena ku ofesi ya zantchito pa Boma, chifukwa mwana wa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere kawirikawiri amamva tsiku lotseka litadutsa. Ndalama yoyamba kutuluka m'thumba mwina siidzakhala fizi konse. Idzakhala ya kabaza wobwera naye pa Boma, ya fotokope ya satifiketi yake ndi ya zithunzi ziwiri zomata pa fomu.